Anamwalira ndi m'mimba

Adokotala anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha. Pagalasi panali malo ofiirira, onyowa, opindikapindika, ndipo chapakati pake panali kanthu kotukuka kokhala ndi kakhosi, kukula kwake ngati njere ya mtedza. "Aka ndi polyp," anatero. Chilowereni m'chipindamo tinkalankhula Chichewa, kuyambira pa moni mpaka pa nkhani ya magazi amene ndinakhala ndikuwaona kuchimbudzi kwa miyezi itatu. Koma atafika pa kanthuko analumphira ku Chingerezi, n'kubwereranso ku Chichewa ngati palibe chachitika.

Anandifotokozera kuti chipangizo chimene anandiunika nacho tsikulo n'chachifupi, chimangoona chigawo chakumapeto kwa thumbo lalikulu. Thumbo lonselo ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo pamene papezeka kanthu kamodzi, kumtunda kumatha kukhala tina. Ankafuna kuliona lonse. Kuunika kumeneko amati colonoscopy: amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera ndi nyali kunsonga, amapopera mpweya kuti thumbo litambasuke, ndipo akakapeza kanthuko amakakola ndi kawaya konga khwekhwe, kukadula, n'kukatumiza kulabotale. Anamwino anatsegula buku lalikulu, chala chawo chinatsika tsamba loyamba, lachiwiri, chinakaima pa lachitatu. Milungu 7. Odziwa ntchitoyi kwathu kuno ndi ochepa, odikira ndiye ambiri. Nditaona mzere wa mayina amene anali patsogolo panga, mawu odandaula anandithera.

Ndikunyamuka, adokotala anafunsa ngati kubanja kwathu alipo amene anadwalapo khansa ya m'matumbo, makamaka bambo, mayi kapena obadwa nawo. Ndinayankha kuti ayi. Nditagwira kale chitseko ndinatembenuka.

"Kungoti bambo anga anamwalira ndi m'mimba."

"M'mimba motani?"

Ndinangoti kakasi.

"Mukafunse," anatero. "Yankho lake ndi lofunika kwa inu, komanso kwa abale anu."

Ntchito yanga ndi yomasulira. Kwa zaka zoposa 10 ndakhala ndikutembenuzira m'Chichewa mafomu a kafukufuku wa zaumoyo, timapepala togawa m'zipatala ndi mauthenga apawailesi. Choncho ndikudziwa bwino kukula kwa mawu akuti m'mimba. M'mimba mumawawa, mumapotokola, mumatseguka, mumadzimbidwa. Chiwindi chili m'mimba, kapamba ali m'mimba, chifu, matumbo, chiberekero, zonse m'mimba. Munthu akati akudwala m'mimba wanena zoona, komanso sananene chilichonse, ndipo womufunsayo akakhala woleredwa bwino sapitiriza. Ndi mawu aulemu. Amamuveka wodwala nsalu.

Kutsika mmunsi pang'ono, chinenero chathu chimachita kuyenda chonyang'ama. Timapita kuseri, timakadzithandiza, timapatuka. M'mafomu ndalemba kambirimbiri kuti "kotulukira chimbudzi", koma sindinamvepo munthu akutchula mawu amenewa pakhonde pa nyumba. Dzina lenileni la malowo timalidziwa tonse, koma ndi lotukwanira. Ndiye tili ndi mawu a mufomu ndi mawu a pandewu, pakati pake palibe chimene mwana angauze mayi ake, ngakhale mwamuna kuuza mkazi wake.

Ndikunena izi chifukwa inenso, ndi madigiri anga awiri, ndinakhala chete miyezi itatu. Poyamba ndinadziuza kuti ndi mudzi, poti ndimakhala pampando tsiku lonse. Kenako ndinati ndi kamwazi, ndinagula mapiritsi pafamase. Kenako ndinakumbukira kuti ndinasambira kunyanja ku Mangochi, ndinati basi ndi likodzo, popeza mtundu wina wa likodzo umagwira matumbo n'kutulutsa magazi. Matenda onsewa alipodi, ndipo nthawi zambiri magazi otere amachokera kumeneko. Koma ine sindinkafufuza choona ayi. Ndinkafuna dzina loti lindilole kusapita kukavula pamaso pa munthu. Amene anadula nkhani ndi mkazi wanga, atandipeza ndikutsuka m'chimbudzi kachiwiri m'mawa umodzi. "Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero. "Koma inu mwamva m'mimba, chitseko mwachita kuchikhoma ndi loko."

Milungu 7 si yambiri ukamayembekezera malipiro kapena mvula. Koma ukakhala kuti wakaona ndi maso ako kanthu kamene kali mkati mwako, ndipo ukudziwa kuti kali momwemo ukamadya, ukamagona, ukamanyamula mwana, masiku sayenda. Usana ndinkagwira ntchito ngati kale. Ndinali ndi kabuku ka masikito koti ndikamalize, ndipo ndinakamaliza pa nthawi yake. Usiku ndiye unali wa foni.

Ndinawerenga zambiri, zina zotonthoza, zina zosowetsa tulo. Monga mwa chizolowezi cha ntchito ndinayambira pa liwu lenilenilo. Polyp anachokera ku Chigiriki, kutanthauza cha miyendo yambiri, dzina limene ankatchulira nyama ya m'nyanja yamchere ya miyendo isanu ndi itatu ija. Ndinaseka ndekha mumdima: kani nawonso anasowa mawu, anangoyang'ana chinthucho n'kuchitcha dzina la chimene chinafanana nacho. Ndinaphunzira kuti tinthu totere timamera pa khungu lamkati la thumbo mwa anthu ambiri, makamaka akamakula, ndipo tambiri si khansa. Koma pali mtundu wina, wotchedwa adenoma, umene umatha kusintha pang'onopang'ono, kawirikawiri kwa zaka 10 kapena kuposerapo, mpaka kusanduka khansa. Khansa zambiri za m'matumbo zimayamba chomwechi. Ndiye kukachotsa kakadali kakang'ono ndiko kutseka njira matenda asanafike. Ndikawerenga zimenezi mtima unkakhala pansi: mwina ndine wamwayi, kapezeka msanga.

Kenako chala chinkatsetserekera patsamba lina. Chadwick Boseman, amene tinamuonera mufilimu ya Black Panther ali wamphamvu ngati mkango, anamwalira ndi khansa ya m'matumbo mu 2020 ali ndi zaka 43. M'mayiko ambiri matendawa akuchuluka pakati pa anthu osakwana zaka 50, moti mu 2021 ku America anatsitsa msinkhu woyambira kuyezetsa kuchoka pa zaka 50 kufika pa 45. Kumeneko munthu amayezedwa ali bwinobwino. Kuno palibe amene amakuitana. Umapita wekha magazi akaoneka, ngati manyazi akulola. Ndinapezanso langizo lina limene linandikhazika tsonga pabedi: munthu amene kholo lake linadwala khansa imeneyi lisanakalambe amayenera kuyamba kuunikidwa ali ndi zaka 40, kapena kutatsala zaka 10 kuti afike msinkhu umene khololo linapezeka ndi matendawa, kutengera chimene chayamba kufika. Bambo anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 44. Ine ndili ndi zaka 36. Ngati m'mimba muja munali khansa, ndiye kuti ndachedwa kale.

Masamu ena ndinkawachita mosafuna. Bambo akumwalira ndinali ndi zaka 11. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4. Pa 44 kuchotsapo 36 zitsala 8. Ndikawonkhetsa 8 ndi 4 ndinkadzuka kukamwa madzi.

Kuchipatala anandipatsa fomu yoti ndikawerenge ndi kusaina, mbali ina Chingerezi, mbali ina Chichewa. Womasulira wake sindikumudziwa, koma anaigwira bwino ntchito. Ndinayamba kuiwerenga ngati mnzake wa pantchito, ndikuyang'ana pamene wapunthwa, koma pofika pakati ndinali nditasanduka wodwala. Fomuyo inkanena za chiopsezo chochepa choti munthu akhoza kutaya magazi, kapena thumbo kubooka. Mawu akuti chiopsezo chochepa ndawalemba nthawi zosawerengeka, ndikumwa tiyi, ndipo sindinadzifunsepo kuti amamveka bwanji kwa munthu amene thumbolo ndi lake. Pa polyp mnzangayo analemba kuti chotupa. Inenso ndikanalemba chomwecho. Koma ndinadziwa kuti kwa amayi sindingapite ndi mawu amenewa. Kumudzi kwathu chotupa cha m'mimba si matenda oti munthu n'kufunsa kuti ndiye mankhwala ake ndi ati. Anthu akamva amayamba kuganiza za nkhuni ndi ufa wa pamaliro.

Sabata yachitatu ndinakwera basi ya ku Ntcheu. Inali Januwale, mvula ili pakati. Njira yonse, kudutsa Lunzu, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukafika pa Chingeni, ndinkayesa mawu m'mutu ngati munthu woyesa nsapato pakaunjika. Njerewere? Zimamera pakhungu, ndipo palibe amaziopa. Kameneka kakufunika kuopedwa pang'ono. Kanyama komera? Zikumveka ngati za kwa asing'anga. M'mbali mwa msewu ana ankaimika mbale za bowa m'mwamba kuti a m'galimoto aone.

Ndinawapeza amayi pakhonde la khitchini, nawonso akusankha bowa m'lichero. Chikwatirireni ine ananditsika pa "iwe", amanditcha bambo, ndipo amandilankhula ndi "inu". Tinalonjerana, anafunsa za mpongozi wawo ndi mdzukulu, anadandaula za mtengo wa feteleza. Ndinadikira mpaka nkhani zitatha.

"Amayi, kuchipatala andipeza ndi kanthu m'matumbo."

Manja awo anaima. "Chotupa?"

"Ayi. Kali ngati kabowa. Kakang'ono, kali ndi kamwendo kake, kamera mkati mwa thumbo."

Anayang'ana m'licheromo nthawi yaitali. "Wodya kapena wakupha?"

"Sakudziwa. Akufuna akazule kaye, akakapime."

"Akuchita bwino," anatero. "Bowa wosamudziwa salawa. Umapita naye kwa odziwa."

Pamenepo ndinafunsa funso la adokotala lija. Sanayankhe msanga. Anaitana kamtsikana kamene amakhala nako, anakatuma kukagula mchere kugolosale yakutali, chonsecho mchere unali pomwepo m'botolo. Kenako anayamba kulankhula, maso ali pa bowa.

Bambo anataya magazi pafupifupi zaka ziwiri. Ankabisa. Amayi anadziwa pochapa. Atawafunsa anati ndi mudzi, ndipo anakatenga mankhwala a zitsamba. Kuchipatala chaching'ono anawapatsa a kamwazi, kawiri kapena katatu. Kuchimbudzi ankachedwa, potuluka ali thukuta kamukamu. Kenako anayamba kuwonda. Tsono mphunzitsi akamawonda mu 1999, anthu sankafunsa kuti akudwala chiyani. Maliro anali tsiku ndi tsiku, mankhwala otalikitsa moyo anali asanayambe kuperekedwa ulere, ndipo aliyense ankadziwa dzina la matenda owondetsa ngakhale sankalitchula. Ankangoti omwewa. Bambo anakayezetsa magazi, sanawapeze ndi kachilombo. Pepala analionetsa kwa abale awo, koma palibe anakhulupirira. Azakhali anga ankanena poyera kuti matendawo anabwera ndi amayi. Miyezi yomaliza, powasambitsa, amayi ankamva chinthu cholimba kumanzere kwa mimba yawo. Kuchipatala chachikulu wina anawakhudza pamenepo, anati ndi chotupa, mwabwera mochedwa, kawasamalireni kunyumba. Mawu akuti khansa sanawamve kwa aliyense.

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Ndikanati chiyani, bambo? Kuti bambo anu ankatuluka magazi kumeneko? Kukanakhala kuwavula pagulu, munthu ali m'manda. Ndinati ana akafunsa ndidzangoti m'mimba."

Ndinakhala chete chifukwa panali chinthu chimene sindikanatha kuwauza. Inenso ndinkakhulupirira za anthu zija. Kwa zaka 25 ndinkaganiza kuti "m'mimba" ya amayi inali nsalu yophimba Edzi. Sindinawaweruze, kapena ndimadziuza choncho. Ndamasulira timapepala tokwanira kuti ndidziwe kuti kachilombo si mlandu. Koma sindinafunse, poganiza kuti ndikuwasungira ulemu. Iwo ankasunga ulemu wa bambo, ine ndinkasunga wa iwo, ndipo pakati pa maulemu awiriwa panagwera chinthu chimodzi chimene ana a bambo tinkafunika kuchidziwa kuti tikhale ndi moyo.

Amayi anakutumula lichero, anandiyang'ana kumaso koyamba chiyambire nkhaniyo.

"Iwe," anatero, "usachite za bambo ako."

Palibe pepala limene latsala. Sitidzatsimikiza kuti chinatenga bambo chinali khansa ya m'matumbo, ndipo adokotala nditawafotokozera ananena chimodzimodzi. Koma anati magazi a zaka ziwiri, kuwonda ndi chotupa cha kumanzere, mwa munthu wa zaka 44, n'zokwanira kuti azitiyang'ana ngati ana a munthu amene anadwala matendawa. Anati obadwa nawo onse ndiwauze.

Tilipo anayi, ndipo tili ndi gulu la pa WhatsApp limene mulinso azilamu. Uthenga wake ndinaulemba ndi kuufufuta madzulo onse. Koyamba ndinalemba kuti ndapezeka ndi vuto la m'mimba. Nditauwerenga ndinaona kuti ndikubwereza mawu a amayi. Ndinayesa Chingerezi, chifukwa m'Chingerezi munthu umatha kunena chilichonse osachita manyazi, ngati kuti thupilo ndi la wina. Koma ndinadziwa kuti adzauwerenga ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Pomaliza ndinalemba m'Chichewa chosavala: kuti ndinkaona magazi m'chimbudzi, kuti m'thumbo mwanga mwamera kanthu kamene akachotse, kuti bambo nawonso ankataya magazi chomwecho kwa zaka ziwiri, ndipo kuti aliyense wa ife akaonane ndi dokotala, ngakhale asakumva kupweteka paliponse, chifukwa tinthu timeneti nthawi zambiri timamera mwakachetechete.

Onse anawerenga. Palibe anayankha usiku umenewo. M'mawa mng'ono wanga wa ku Johannesburg anatumiza kachithunzi ka manja opemphera. Masana achemwali anga aakulu anaimba, mawu ali pamwamba. Zinthu zoterezi, anati, salemba pagulu pali azilamu. Kusukulu konse kuja sanandiphunzitse mwambo? Ndinapepesa. Anapitiriza kundikalipira mpaka mayunitsi atatsala pang'ono kutha. Ndiye asanadule, mawu atatsika, anafunsa kuti kuchipatalako munthu amayambira khomo liti, ndipo ngati wounikayo angathe kukhala wamkazi.

Masiku atatu omaliza ndi a malamulo a zakudya. Thumbo liyenera kukhala loyera kuti kamera ione bwino, apo ayi kanthu kakang'ono kakhoza kubisala, ntchito n'kubwerezedwa. Ndiye zonse zimene timauza anthu m'timapepala kuti ndi zabwino m'thupi, ine ndaletsedwa: mgaiwa, nyemba, masamba, mtedza, zipatso zanjere. Chololedwa ndi nsima ya ufa woyera, mpunga woyera, buledi woyera, mazira, nsomba ndi nkhuku yopanda khungu. Dzulo lake la kuunikako palibe chotafuna. Madzi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wosefa, basi. Thobwa ayi. Chakumwa chofiira ayi, chifukwa m'thumbo chimaoneka ngati magazi.

Amayi afika dzana osanena. Anatsika minibasi ndi thumba pamutu, ndipo atalimasula pabalaza munatuluka ufa wa mgaiwa, nyemba, mtedza wokazinga ndi bowa wofutsa. Mkazi wanga anayang'ana pepala la malamulo limene tinamata pafiriji, anayang'ana katunduyo, tonse tinaphulika kuseka mpaka mwana anadabwa. "Mudzadya mukabwerako," anatero amayi, n'kumanganso thumba lawo.

Ndikulemba izi usiku womaliza. Mankhwala otsuka m'matumbo ndi ufa wa m'mapaketi wosungunula m'madzi, malita 2, theka madzulo ano, theka mbandakucha. Kukoma kwake kuli ngati madzi a mchere amene wina anayesa kuwanyengerera ndi ndimu. Ndimamwa kapu imodzi, kudikira mphindi zingapo, kumwanso ina. Ntchito yake yayamba kale, moti ndime zapamwambazi ndazilemba modukizadukiza. Mawa m'mawa mkazi wanga andiperekeza, chifukwa adzandibaya jakisoni wochititsa tulo ndipo sindidzaloledwa kuyendetsa galimoto kapena kubwerera ndekha. Akuti ntchito yonse sifika ola limodzi. Akakachotsa kanthuko kudikira kwina kuyamba, kwa zotsatira za kulabotale, ndipo kumeneko ndiye kudzatuluke dzina lake lenileni. Mantha ndili nawo. Koma ndi mantha a chinthu chimene chaonedwa, chayezedwa kukula kwake, ndipo chili ndi tsiku lake m'buku la anamwino. Bambo sanafike pamenepa.

Ndikadzabwerera kuntchito n'kukumananso ndi polyp mufomu, sindikudziwa ngati ndidzalembe kabowa. Mwina oyang'anira ntchito adzakana, adzati si mawu a zachipatala. Koma pa chiganizo chonena za magazi sindidzazunguliranso.

Mkazi wanga wagona ndi mwana, poti mawa ndi tsiku lalitali. Amayi akana kukagona. Akhala pampando wa pabalaza, nyali yozimitsa, chitenje chili m'mapewa, ndipo ndikudziwa kuti akuwerenga maulendo anga. Ulendo wachisanu, ndili mkati, ndinamva mapazi awo akubwera mpaka pachitseko. Mwa mwambo wathu mayi saima pamenepo mwana wake wamwamuna, wa ndevu zake, ali mkati. Anagogoda kamodzi.

"Iwe. Magazi alipo?"

"Alipo pang'ono, Amayi."

"Mawa ukawauze. Usakasiyeko kanthu."